Mlandu Suola, Koma Mwini Mlandu Amakalamba

Nkhani ya lero ikuchokera m'dziko la Amereka, ndipo ikunena za amuna ndi akazi amene adatumikira m'magulu a nkhondo a dzikolo, nabwerera kwao ndi zilema kapena matenda. Boma la kumeneko lidalonjeza kalekale kuti munthu wotere azilandira ndalama za chipukuta misozi mwezi ndi mwezi. Lonjezo lenilenilo palibe amene amalitsutsa. Mkangano umabuka pamene msilikali mmodzi wapereka pempho lake, a Boma namuyankha kuti iai. Apo mpamene iye amachita apilo, ndipo zimene zimatuluka m'maapilo ameneŵa ndizo mutu wa nkhani ino. Akuluakulu akale adati mlandu suola. Mau ameneŵa ndi oona, komatu mwini mlandu ndi munthu: amakalamba, amaiŵala, mboni zake zimamwalira, ndipo tsiku lina iyenso amatsikira kuli chete.

Bambo David Henderson adali msilikali pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Korea. M'chaka cha 1952 adamtulutsa usilikali, madokotala atampeza ndi matenda aakulu a misala otchedwa paranoid schizophrenia. Pofika 1992 Boma lidavomereza kuti matendawo adamlemaza kotheratu. M'chaka cha 2001 iye adapempha ndalama zoonjezera zolipirira chisamaliro cha pakhomo. Ofesi ya m'chigawo chake idakana, ndipo bungwe lomva maapilo ku Washington nalonso lidakana m'chaka cha 2004. Lamulo lidampatsa masiku 120 oti akasume ku bwalo la milandu ya asilikali opuma, koma kalata yake idafika itachedwa ndi masiku 15. Iye adafotokoza kuti chidamchedwetsa ndi matenda omwewo amene ankapemphera chithandizo. Oweruza adayankha kuti lamulo silikuwalola kumva nkhani yake.

Mlanduwo udakwera mpaka ku Bwalo Lalikulu Koposa la dzikolo. Pa 1 Malichi 2011 oweruza onse asanu ndi atatu amene adaumva adagwirizana kuti kupyola masiku 120 sikulanda bwalo mphamvu yomva msilikali. Koma Bambo Henderson sadamve chigamulocho, pakuti adamwalira mu Okutobala 2010, ndipo amene adatsiriza mlanduwo ndi mkazi wao, Mayi Doretha Henderson. Kuonjezera apo, chigamulocho sichidalamule kuti ndalama ziperekedwe. Chidangobweza mlandu ku mabwalo aang'ono kuti akauonenso, patapita zaka khumi chiperekere pempho.

Zimene msilikali ayenera kusonyeza

Pa 4 Malichi 1865, nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Amereka ili pafupi kutha, Pulezidenti Abraham Lincoln adauza mtundu wake kuti uli ndi udindo wosamalira munthu amene wasenza mtolo wa nkhondo, pamodzi ndi mkazi wake wamasiye ndi ana ake. Nthambi ya Boma yoona za asilikali opuma idakhazikitsidwa m'chaka cha 1930, ndipo idakwezedwa kukhala unduna m'chaka cha 1989. Anthu a kumeneko amangoutcha VA. Asilikali opuma oposa 5 miliyoni amalandira chipukuta misozi kuchokera ku unduna umenewu.

Kuti pempho livomerezedwe, msilikali ayenera kusonyeza zinthu zitatu: kuti ali ndi chilema kapena nthenda tsopano lino, kuti adavulala kapena kukumana ndi choopsa china ali pa usilikali, ndiponso kuti ziŵirizi nzolumikizana. Chachitatuchi ndicho chimagwetsa anthu ambiri. Mwendo woduka ndi bomba lokwirira suvuta kuona gwero lake. Koma khansa yotulukira patapita zaka 30, msana woyamba kuŵaŵa pa ukalamba, makutu ogontha pang'onopang'ono, kapena mantha osautsa munthu usiku ulionse, zonsezi kalaliki angathe kunena kuti zadza ndi ukalamba, fodya kapena ntchito zina za pambuyo pa nkhondo.

Pempho likavomerezedwa, chilema chimapatsidwa mlingo woyambira pa 0 kulekezera pa 100, wokwera khumikhumi, ndipo ndalama zimatsata mlingowo. Kaŵerengedwe kake kamadabwitsa ambiri. Munthu wa zilema ziŵiri, china cha 50 china cha 30, sapatsidwa 80. Boma limati chilema choyamba chamsiyira mphamvu zokwana 50, ndipo chachiŵiri chimachotsa magawo 30 pa 100 a mphamvu zotsalazo, ndiye kuti 15. Zonse pamodzi zikwana 65, ndipo amazikweza kufika pa 70. Motero maapilo alipo a mitundu ingapo. Ena amadandaula kuti awakaniratu, ena kuti mlingo wachepa, ndipo enanso kuti tsiku loyambira kuŵerengera ndalama lalakwika.

Khomo limene lidakhala lotseka

Omvera angayese kuti m'dziko lotchuka ndi maloya ngati Amereka, msilikali wokanidwa ankangothamangira ku khoti. Sizidali choncho ai. M'chaka cha 1933, pa nthaŵi ya umphaŵi waukulu, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loti chigamulo cha nthambi ya asilikali opuma chisatsutsidwe m'bwalo lililonse la milandu. Chaka chomwecho Pulezidenti Franklin Roosevelt adakhazikitsa bungwe lomva maapilo lotchedwa Board of Veterans' Appeals, koma bungwelo lidali m'kati mwa nthambi yomweyo imene idakana pempho. Likanena kuti iai, nkhani inkathera pomwepo.

Padalinso lamulo lina la m'chaka cha 1864 loletsa loya kulandira ndalama zoposa madola 10 pothandiza msilikali pa pempho lake. Cholinga chake poyamba chidali chabwino, chotchinjiriza asilikali kwa akathyali amene ankawadyera ndalama pongolemba mapepala. Koma mtengowo sudasinthe kwa zaka zoposa 120, ndipo loya wolandira zoposa apo ankatha kumangidwa. Asilikali amene adadwala ataima pafupi ndi malo oyesera mabomba a atomu adatsutsa lamuloli, koma m'chaka cha 1985 Bwalo Lalikulu Koposa lidati likhale momwemo. Amene ankaimira asilikali kwaulere ndi mabungwe ao monga American Legion ndi Disabled American Veterans, ndipo akugwirabe ntchito imeneyi mpaka lero.

Khomo lidatseguka pa 18 Novembala 1988, pamene Pulezidenti Ronald Reagan adasaina lamulo lokhazikitsa bwalo lapadera, limene tsopano limatchedwa Court of Appeals for Veterans Claims. Phindu lake lidaoneka msanga. Bambo Fred Gardner, msilikali wa nkhondo ya ku Korea, adalumala mwendo atachitidwa opaleshoni ya msana m'chipatala cha asilikali opuma. Unduna udamkana potsata lamulo lake lakelake, loti wodwala ayambe wasonyeza kuti chipatala chidalakwa. M'chaka cha 1994 Bwalo Lalikulu Koposa lidapeza kuti mau oterowo mudalibe m'lamulo limene Nyumba ya Malamulo idalemba. Kwa zaka ngati 60 anthu ankakanidwa pa chifukwa chimene palibe woweruza adali atachiyesapo. Pambuyo pake Nyumba ya Malamulo idasintha lamulolo, koma phunziro lidatsala: kusatsutsidwa kwa chigamulo sikusonyeza kuti ncholungama.

Mayankho atatu

Apilo ikafika ku bungwe la ku Washington, yankho limakhala limodzi mwa atatu: kuvomera, kukana, kapena kubweza mlandu ku ofesi kumene udachokera. Malipoti a bungwelo a zaka za pakati pa 2010 ndi 2019 amasonyeza kuti mwa milandu khumi iliyonse, pafupifupi itatu inkapambana, iŵiri inkakanidwa, inayi inkabwezedwa, ndipo wotsalawo unkatha m'njira zina, monga mwini wake kuuchotsa. Choncho yankho lofala koposa silidali inde, silidalinso iai. Lidali lakuti bwererani mukayambenso.

Mlandu umabwezedwa bungwe likaona kuti ofesi sidachite mbali yake. Lamulo limalamula unduna kuthandiza msilikali kusonkhanitsa umboni, monga kuitanitsa makalata ake a kuchipatala ndi kumtumiza kwa dokotala kuti akampime. Kalata imodzi ikasoŵa, kapena dokotala akalemba maganizo ake popanda kufotokoza zifukwa, mlandu umabwerera. Pa dongosolo lakale msilikali ankaloledwa kuonjeza umboni nthaŵi iliyonse, ndipo umboni watsopano ulionse unkafuna kuti ofesi iuŵerenge ndi kulembanso chigamulo. Pamene zimenezi zikuchitika, matenda ankakula, kupima kwakale nkukhala kopanda ntchito, ndipo pankafunika kupimanso. Asilikali ankafanizira ulendowu ndi gudumu limene kanyama koŵeta kamathamangamo m'khola, kutopa kokhakokha osasuntha.

Ofesi yofufuza ntchito za Boma yotchedwa Government Accountability Office idalengeza m'chaka cha 2017 kuti apilo inkatenga zaka ngati zitatu, ndipo imene yafika ku bungwe la ku Washington inkatenga zaka ngati zisanu. Pa nthaŵiyo maapilo oposa 400,000 adali pa mzere. Ngakhale ku bwalo la milandu ya asilikali, milandu yambiri imathera pa kubwezedwa, ndipo kaŵirikaŵiri maloya a Boma amavomera okha kuti chigamulo cha bungwe chidali ndi cholakwa. Nzoona kuti wopambana amalandira ndalama zonse kuyambira tsiku limene adapereka pempho. Koma ndalama zofika patapita zaka zisanu sizibweza nyumba imene idalandidwa chifukwa cha ngongole m'chaka chachiŵiri.

Mapepala amene adapsa

Umboni wa msilikali umakhala m'manja mwa Boma lomwelo limene akutsutsana nalo. Pa 12 Julayi 1973 moto udabuka m'nyumba yosungira makalata a asilikali pafupi ndi mzinda wa St. Louis, m'chigawo cha Missouri. Mafailo a pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni adaonongeka. Mwa asilikali a pamtunda amene adapuma pakati pa 1912 ndi 1960, makalata a anthu 80 pa 100 alionse adapita. Mwa asilikali a ndege opuma pakati pa 1947 ndi 1964, moto udadya makamaka makalata a anthu amene maina ao amatsatira dzina la Hubbard pa ndondomeko ya zilembo. Makalataŵa adalibe makope kwina kulikonse. Munthu amene adazizidwa mapazi m'chisanu cha ku Korea, nagonekedwa m'chipatala cha kunkhondo, adapezeka alibe pepala losonyeza zimenezo, mlandu wosakhala wake.

Ndipo si zonse zimene zidalembedwa nkomwe. Msilikali ali pakati pa nkhondo sathamangira kwa dokotala chifukwa cha bondo lotupa kapena makutu olira. Ambiri ankabisa mavuto a maganizo poopa kutchedwa amantha. Matenda obwera ndi zoopsa zimene munthu adaona, odziŵika ndi zilembo za PTSD, adaloŵa m'buku la madokotala a misala a ku Amereka m'chaka cha 1980, asilikali a dzikolo atachoka kale ku Vietnam.

Pa zifukwa zotere lamulo la asilikali opuma lidasiyana ndi malamulo ena. Pa mlandu wa upandu, Boma liyenera kupereka umboni wosasiya chikaiko. Pa mlandu wa anthu aŵiri olimbirana katundu, wosuma ayenera kupereka umboni wolemera kuposa wa mnzake. Koma pa pempho la msilikali, umboni wa mbali ziŵiri ukalingana pa sikelo, msilikali ndiye ayenera kupambana. Bwalo la asilikali lidatsimikiza mfundo imeneyi m'chaka cha 1990 pa mlandu wa Gilbert, umodzi mwa milandu yake yoyambirira. Mfundoyi njomveka bwino poinena. Chovuta nchakuti amene amaŵerenga sikeloyo ndi unduna womwewo.

Mankhwala a m'migolo ya mzera wa lalanje

Palibe nkhani yoonetsa bwino zimenezi kuposa ya Agent Orange. Pakati pa 1962 ndi 1971 asilikali a Amereka adapopera malita oposa 70 miliyoni a mankhwala opha zomera m'nkhalango ndi m'minda ya ku Vietnam, pofuna kuyoyola masamba amene adani ankabisalamo. Mankhwala amene adagwiritsidwa ntchito koposa adali m'migolo yokhala ndi mzera wa mtundu wa lalanje, ndipo mudali poizoni wotchedwa dioxin. M'chaka cha 1977 Mayi Maude DeVictor, mlangizi pa ofesi ya asilikali opuma ku Chicago, adayamba kusonkhanitsa maina a asilikali odwala amene adakhudzana ndi mankhwalawo, ndipo chaka chotsatira nkhaniyo idaulutsidwa pa wailesi ya kanema. Komabe kwa zaka zambiri nthambi ya Boma idangovomereza nthenda imodzi ya pakhungu yotchedwa chloracne. Odwala khansa ankakanidwa mmodzimmodzi, pakuti palibe amene akadatha kusonyeza tsiku ndi malo pamene poizoniyo adaloŵa m'thupi mwake.

Chidasintha zinthu ndi kusumira pamodzi. Pa mlandu wodziŵika ndi dzina la Mayi Beverly Nehmer, mkazi wamasiye wa msilikali wa ku Vietnam, woweruza Thelton Henderson wa ku California adagamula m'chaka cha 1989 kuti nthambiyo inkafuna umboni wopyola umene lamulo limafuna, ndiponso kuti idamana asilikali mwai wopambana sikelo ikalingana. Pa 6 Febuluwale 1991 Pulezidenti George H. W. Bush adasaina lamulo la Agent Orange. Lamulolo lidati msilikali amene adatumikira ku Vietnam, akadwala nthenda ili pa mndandanda wovomerezeka, asafunsidwenso umboni wa kulumikizana kuja, pakuti Boma lidzangovomera. Mndandandawo udakula akatswiri a sayansi atapenda umboni: khansa ya prostate idaloŵapo mu 1996, matenda a shuga mu 2001, matenda a mitsempha ya mtima ndi nthenda ya Parkinson mu 2010. Chifukwa cha pangano lotsatira mlandu wa Nehmer, nthenda yatsopano ikaonjezedwa unduna unkayenera kufukula mapempho akale amene udakana, ndipo madola mabiliyoni angapo adaperekedwa kwa asilikali ndi amasiye ao.

Koma mkangano udasamukira pa mau akuti kutumikira ku Vietnam. Kuyambira 2002 unduna udati mauwo akunena munthu amene adaponda nthaka ya dzikolo kapena kuyenda m'mitsinje yake. Asilikali a pa zombo za panyanja adasiyidwa kunja, ngakhale iwo ankanena kuti ankamwa ndi kusamba madzi a m'nyanja osungunulidwa m'zombozo, m'mene mitsinje ya dzikolo inkathira. Bwalo la apilo lidagwirizana ndi unduna m'chaka cha 2008. Bambo Alfred Procopio, amene adatumikira pa chombo chonyamula ndege cha USS Intrepid kuyambira 1964 mpaka 1967, adapereka mapempho ake a matenda a shuga ndi khansa ya prostate mu 2006 ndi 2007. Ofesi idakana, bungwe la maapilo lidakana, bwalo la asilikali nalo lidakana. Pa 29 Januwale 2019 oweruza a bwalo la apilo lotchedwa Federal Circuit adagamula, asanu ndi anayi motsutsana ndi aŵiri, kuti dziko la Vietnam limaphatikiza nyanja yake kufikira mailosi 12 a panyanja kuchokera ku gombe. Mu Juni chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idaika chigamulochi m'lamulo. Apilo ya munthu mmodzi idatsegulira khomo anzake zikwi makumimakumi, koma patapita zaka 52 iye atatsika m'chombo chija, ambiri mwa anzakewo ali kumanda.

Utsi wa m'maenje

Mbiri yomweyi idabwerezeka pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan. M'misasa yambiri zinyalala zonse zinkatenthedwa m'maenje aakulu pothira mafuta a ndege: mapulasitiki, matayala, mabatire, utoto, zotsala za kuchipatala. Dzenje la pa msasa wa Balad ku Iraq ndilo lidatchuka koposa. Asilikali adabwerako ndi matenda a m'mapapo ndi khansa zachilendo. Unduna udauza Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 2020 kuti mwa mapempho 12,582 okhudza utsi umenewu amene udalandira kuyambira 2007, udavomereza 2,828 okha. Ndiye kuti mwa anthu asanu alionse, pafupifupi anayi adakanidwa.

Pa 10 Ogasiti 2022 Pulezidenti Joe Biden adasaina lamulo lotchedwa PACT Act, lokhala ndi dzina la Sajeni Heath Robinson wa ku Ohio, amene adamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 2020 atatumikira pafupi ndi maenje oterewa. Lamulolo lidaika matenda oposa 20 pa mndandanda wosafuna umboni, ndipo lidaonjezanso nthenda ya kuthamanga kwa magazi pa mndandanda wa Agent Orange. Pempho limene likadakanidwa mu Julayi lidakhala loyenera kuvomerezedwa mu Ogasiti. Munthu adali yemweyo ndi mapapo ake omwewo, koma mtolo wa chikaiko udachoka pa mutu pake nupita kwa Boma.

Amene adagwa

Si maapilo onse amene amatha mokomera msilikali, ngakhale pa bwalo lalikulu. Bambo Adolfo Arellano adatumikira m'gulu la nkhondo la panyanja kuyambira 1977 mpaka 1981, ndipo adasokonezeka maganizo chombo chake chitaombana ndi chinzake. Adapereka pempho mu 2011, ndipo lidavomerezedwa. Lamulo limati wopereka pempho chisanathe chaka atapuma usilikali, ndalama zake zimaŵerengedwa kuyambira tsiku lotsatira kupumako. Iye adati matendawo ndiwo adamlepheretsa kupempha kwa zaka 30, choncho ndalama ziŵerengedwe kuyambira 1981. Pa 23 Januwale 2023 oweruza onse a Bwalo Lalikulu Koposa adakana, nati Nyumba ya Malamulo idalemba mwatsatanetsatane zifukwa zololeza kusuntha tsiku, ndipo bwalo silingaonjezepo china. Chifukwa chimene chidatsegulira khomo Bambo Henderson sichidamthandize iye, pakuti malamulo aŵiriwo adalembedwa mosiyana.

Pa 5 Malichi 2025 bwalo lomwelo lidagamula mlandu wa asilikali aŵiri, Joshua Bufkin ndi Norman Thornton, amene adadandaula kuti unduna sudawapatse mwai wa sikelo yolingana pa matenda a PTSD. Funso lidali lakuti kodi bwalo la asilikali liyenera kuyezanso lokha umboni wonse. Oweruza asanu ndi aŵiri adati iai, bwalolo lisinthe kuyeza kwa unduna pokhapo pamene cholakwa chili choonekeratu. Oweruza aŵiri, Ketanji Brown Jackson ndi Neil Gorsuch, adatsutsa, poona kuti kutero nkufooketsa chitetezo chimene Nyumba ya Malamulo idafuna kupatsa asilikali.

Boma nalo lili ndi mfundo zake, ndipo nkoyenera kuzimva. Ndalamazi zimachokera ku misonkho ya anthu onse. Matenda a shuga, a mtima ndi kuthamanga kwa magazi amagwira okalamba ambiri amene sadaonepo nkhondo, kotero kuti lamulo lovomera popanda umboni limalipiranso ena amene matenda ao sadachokere ku usilikali. Malire a masiku akapanda kulemekezedwa, palibe mlandu umene ungathe. Koma kulakwa kulipo mbali zonse ziŵiri, ndipo mtundu uyenera kusankha kumene ungakupirire: kulipira ena osayenera, kapena kumana ena oyenera amene sangathe kupeza umboni umene Boma lenilenilo silidasunge.

Kukonza njira

Nyumba ya Malamulo yayesa kufupikitsa ulendowu. Kale msilikali akamwalira apilo yake inkafera pomwepo, ndipo wamasiye ankayamba pempho lakelake. Lamulo la m'chaka cha 2008 lidalola wamasiye kuloŵa m'malo mwa malemu ndi kupitiriza pamene mlandu udafika. Lamulo lina la 2017, limene lidayamba kugwira ntchito pa 19 Febuluwale 2019, lidapatsa wokanidwa njira zitatu zoti asankhepo chisanathe chaka. Angapemphe kuti mkulu wina wa mu unduna aŵerengenso failo monga momwe iliri, angapereke pempho loonjezera lokhala ndi umboni watsopano, kapena angapite ku bungwe la ku Washington. Nthaŵi yoonjeza umboni idaikidwa malire kuti mlandu usamangozungulira. M'chaka cha 2020 bungwelo lidatulutsa zigamulo zoposa 100,000. Njira ziŵiri zoyambazo zimayankha m'miyezi yoŵerengeka, koma ofuna kuonana ndi woweruza wa bungwe adapitirizabe kudikira zaka.

Poyang'ana milandu yonseyi pamodzi, chinthu chimodzi chimaonekera. Msilikali woima yekha ndi failo yake amatha kupambana, makamaka akakhala ndi kalata ya dokotala yofotokoza zifukwa momveka, womuimira wodziŵa malamulo, ndiponso akasunga masiku. Koma pamene umboni udapsa, kapena sudalembedwe, kapena sayansi idali isanaufikire, kulimbikira kwa munthu mmodzi sikudakwane. Zotsatira zidasintha pamene bwalo kapena Nyumba ya Malamulo idanena kuti chikaiko chisenzedwe ndi amene adatuma msilikali ku nkhondo. Asilikali a pamtunda a ku Vietnam adadikira zaka 20 chilekere kupopera mankhwala aja kuti amve mau amenewo. Anzao a pa zombo adadikira pafupifupi zaka 50. A ku Iraq adadikira zaka zosakwana 20 chiyambire nkhondo yao.

Mlandu wa Bambo Henderson sudaole. Dzina lao lili m'mabuku a malamulo, ndipo msilikali wodwala amene wachedwa ndi masiku oŵerengeka tsopano angathe kufotokoza chifukwa chake, bwalo nkumumvera. Koma chimene iwo adapempha m'chaka cha 2001 sichidali kutchuka m'mabuku. Adapempha chithandizo cha pakhomo pa masiku a ukalamba wao, ndipo masikuwo adatha mlandu ukali m'njira.